Kavekedwe ka Chikopa cha Njoka pa Uta wa Mtengo

Uta wovekedwa chikopa cha njoka umaopsa ukamauona, koma chikopacho sichiwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. N'chopyapyala kwambiri moti chikauma mutha kuona kuwala kwa dzuwa kupyola m'kati mwake. Uta wosemedwa molakwika uthyoka ndithu, chikopa chili pomwepo. Ntchito za chikopa ndi ziwiri basi: kukongoletsa, ndi kutchinga msana wa uta ku chinyezi. Mukaivomereza mfundo imeneyi simudzathamangira kumata chikopa pa uta womwe sunathe kusemedwa, ndipo apo ndi pomwe ambiri amagwera.

Lusoli kwawo ndi ku North America. Mitundu ina ya eni dziko akumeneko inkasema mauta aafupi, osavuta kuponya munthu ali pa hatchi, n'kumamata mitsempha ya nyama kumsana kwa utawo ndi guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa. Mitsempha ija ndiyo inkapatsa uta mphamvu, koma guluu wa zikopa amafewa akangonyowa. Ena ankaphimba mitsemphayo ndi chikopa cha njoka kuti mame ndi mvula zisamalowe msanga. Lero amisiri a mauta a ku United States amatero ngakhale pa uta wopanda mitsempha. Mitengo yawo yotchuka ndi hickory ndi Osage orange, mtengo wachikasu womera mbali za Texas, Oklahoma ndi Arkansas, ndipo zikopa zomwe amakonda ndi za njoka zakumeneko zotchedwa rattlesnake, copperhead ndi bullsnake. Njira ili m'munsiyi ndi yawo, koma imagwira pa uta wa mtengo uliwonse wouma bwino.

Tigwirizane kaye pa mayina. Msana wa uta ndi mbali yoyang'ana kumene mukulasa. Mimba ndi mbali yoyang'ana inu mukamakoka nsinga. Mikono ndi mbali ziwiri zopindika, kuchokera pa chogwirira mpaka ku nsonga. Chikopa chimamatidwa kumsana kokha.

Chikopa muchipeza kuti

Musaphe njoka chifukwa cha uta. Njoka zimatithandiza pa makoswe a m'nkhokwe, ndipo anthu ambiri amalumidwa pamene akulimbana nayo kuti aiphe. Amisiri ambiri a ku America amatola njoka zogundidwa ndi galimoto kapena kugula zikopa zouma kwa ogulitsa ovomerezeka. Kumeneko zikopa sizisowa: ku Sweetwater, m'chigawo cha Texas, amasonkhanitsa njoka za rattlesnake chaka ndi chaka kuyambira mu 1958, ndipo ku Florida boma limachita kulimbikitsa anthu kusaka nsato zochokera ku Asia zomwe zinaswana m'madambo a Everglades n'kumatha nyama zakumeneko.

Kwathu kuno nkhani yake ndi ina. Njoka yamawanga ofanana ndi a rattlesnake ndi mphiri, ndipo imapezeka itagundidwa m'misewu chifukwa cha ulesi wake wochoka panjira. Koma musanatole kapena kugula chikopa cha nyama yakutchire iliyonse, kafunseni ku ofesi ya zanyama zakutchire. Ku Malawi lamulo loteteza nyamazi linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kupezeka ndi chiwalo cha nyama yotetezedwa wopanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Nsato yokha ilekeni. Ili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, kutanthauza kuti chikopa chake sichiwoloka malire popanda mapepala, ndipo ku South Africa ndi nyama yotetezedwa. Kuwonjezera apo, kumadera ngati ku Khulubvi ku Nsanje, komwe kuli kachisi wa Mbona, nsato ndi njoka yaulemu wake. Kuyenda ndi uta wovala nsato kumeneko n'kudziputira nkhani. Ndiponso mawanga a nsato ndi aakulu kuposa m'lifupi mwa mkono wa uta, choncho pa utapo mumangooneka zigamba zosadziwika mutu wake.

Khungu lomwe njoka imasiya ikafundula silithandiza. Lilibe mtundu ndipo limang'ambika mukangolinyowetsa.

Mufunika zikopa ziwiri, chimodzi pa mkono uliwonse, za njoka zamtundu umodzi ndiponso zamsinkhu wofanana. Pa uta wamasentimita 170, chikopa chilichonse chitalike masentimita osachepera 85. Njoka yaikulu kwambiri si yabwino: mzere wa mawanga uli pakati pa msana wake, ndipo mukufuna mzerewo ukwane pa mkono wamasentimita 4 kapena 5 m'lifupi. Mphiri ndi yaifupi ndi yonenepa, choncho nthawi zambiri chikopa chake sichifika ku nsonga. Palibe vuto, mutha kulekezera chapatali ndi nsonga n'kumangapo ulusi.

Mukamagula, funsani funso limodzi ili: chikopachi changoumitsidwa kapena chafufutidwa? Chofufuta, makamaka chofewetsedwa ndi gilisalini monga amachitira opanga malamba ndi zikwama, sichigwira guluu. Chimaoneka chokongola, chofewa m'manja, koma pakatha masabata angapo chimayamba kumatuka m'mphepete. Chomwe mukufuna ndi chouma gwa, cholira ngati pepala mukachigwedeza.

Kusenda ndi kuumitsa

Ngati njoka yakufa muli nayo mwachilolezo, chiyambi ndi mutu. Mutu wa njoka yaululu umatha kuluma ngakhale utadulidwa, ndipo ululu umakhalabe m'mano kwa nthawi. Upanikizeni ndi ndodo, uduleni ndi chikwanje, uukwirire m'dzenje lakuya komwe ana ndi agalu sangafukule. Osaugwira ndi manja. Njoka yomwe yayamba kununkha kapena yomwe mamba ake akupululuka okha isiyeni; chikopa chake chawola kale.

Dulani ndi sizasi motsata pakati pa mimba, kuchokera kukhosi mpaka kumchira. Gwirani nyama ndi dzanja limodzi, chikopa ndi linalo, n'kumakoka pang'onopang'ono. Chimavuka mosavuta mpaka cha kumchira, komwe chimamatirira ndipo mufunika kuthandizira ndi kampeni. Chiyaleni pa thabwa, mbali ya m'kati ili kumwamba, n'kupala tinyama ndi mafuta onse ndi supuni. Mpeni wakuthwa umaboola. Mafuta ndi mdani wa guluu, choncho musachite ulesi pamenepa.

Chikhomereni pa thabwapo ndi timisomali kapena mapini m'mphepete monse, mochiwongola koma osachikoka mpaka mawanga kutalikana. Mzere wapakati ukhale wowongoka, poti mmene chaumiramo ndimo chidzafunire kugona pa uta. Chiikeni pamthunzi podutsa mphepo, pomwe nyerere ndi mphaka sizifika. Masiku awiri kapena atatu chauma. Mchere siwofunika, umakoka chinyezi ndipo umadzatulukira ngati zoyerayera pansi pa vanishi. Ngati munagula chothira mchere, mudzachitsuke m'madzi kangapo musanamate.

Uta uthe kaye

Apa ndi pofunika kudekha. Uta ukhale kuti wasemedwa, mikono yonse iwiri ikupindika mofanana, mwaukunga ndipo mwaponyera mivi yambiri ndithu osaona chosintha. Mukamata chikopa pa uta womwe mudzafunenso kuuwongola ndi moto kapena nthunzi, chikopa chidzapsa ndi kumatuka. Ngati munamata mitsempha kumsana, idikireni iume masabata angapo, muisalaze pang'ono kuti mabampu asadzaonekere.

Msana ukhale mtengo weniweni, wopanda vanishi, mafuta kapena phula. Ukwecheni mopepuka ndi sandipepala wa nambala 120 kapena 150, motsata utali wa uta. Cholinga n'kuupatsa timikwingwirima toti guluu agwirepo, osati kuchotsa mtengo. Pa uta wosemedwa kuchokera ku mtengo umodzi, msana umatsata mzere umodzi wa chaka (umodzi mwa mizere yozungulira ija imaoneka pa chitsa), ndipo mukaudula mzerewo ndi sandipepala mwapanga malo omwe uta udzathyokere. M'mphepete mwa mikono mukhale mozungulira pang'ono, musakhale mwakuthwa. Chikopa chimagona bwino pa mphepete yotere.

Chinthu china chomwe ambiri amachizindikira mochedwa: chikopa chikamatidwa ndi kupakidwa vanishi chimaonekera, ndipo mtundu wa mtengo wapansi umasintha maonekedwe ake. Pa mtengo woyera ngati hickory mawanga amatuwa. Pa mtengo wodera amaoneka bwino. Ngati mtengo wanu ndi woyera, pakani kumsana utoto wolowa m'mtengo wofiirira kapena wodera, wosungunulira m'madzi kapena mu sipiriti, osati wamafuta, n'kuusiya uume. Kuti mudziwe mmene zidzaonekere, nyowetsani kachidutswa ka chikopa n'kukagoneka pa mtengopo.

Pomaliza pukutani msana ndi kansalu konyowetsa sipiriti kuti muchotse fumbi ndi thukuta la m'manja. Sipiriti wapepo wa m'magolosale amatha kusiya mtundu pa mtengo woyera. Ngati mungapeze woyera wa ku famase, ndiye wabwino. Kuyambira pano msana osaugwiranso ndi zala.

Guluu wake

Pali awiri oyenera. Woyamba ndi guluu wa matabwa woyera kapena wachikasu yemwe akalipentala amagwiritsa ntchito. Ku America ambiri amakonda Titebond III chifukwa sasungunuka ndi madzi akauma; kuno wa Alcolin kapena Ponal amagwira, makamaka wolembedwa kuti amapirira madzi. Ubwino wake ndi woti amakupatsani mphindi zingapo zosunthira chikopa mpaka chikhale pomwe mukufuna. Wachiwiri ndi guluu wa zikopa, wamakolo uja. Amafuna kukhala wofunda, chapafupi ndi madigiri 60, m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, osawira. Amagwira msanga akamazizira, motero amafuna dzanja lozolowera. Pa uta wamitsempha ndiye woyenera, poti ndi mtundu umodzi ndi womwe wagwira mitsemphayo. Kwa woyamba kumene, ine ndinganene kuti atenge wa matabwa.

Guluu womatira nsapato musamuyese. Amagwira nthawi yomweyo, ndipo chikopa chikagona mokhota chakhota basi. Guluu wa epoxy, wosakaniza kuchokera m'machubu awiri uja, sagwirizana ndi chikopa chonyowa.

Ikani pafupi beseni la madzi ofunda, thaulo, burashi yaing'ono, singano, lezala yatsopano, kansalu konyowa ndi bandeji yotamuka. Uta ugonekeni chafufumimba pa tebulo, msana kumwamba, muumange pa chogwirira kuti usagwedere.

Kumata

Yezani chikopa chili chouma. Mbali ya kumutu ikhale pa chogwirira, mchira uloze ku nsonga, chifukwa chikopa chimanka chichepa monga mmene mkono wa uta umachepera. Zikopa ziwirizo zikumane pakati pa chogwirira, pomwe mudzakulungepo chikopa cha mbuzi kapena chingwe n'kubisa polumikizirapo. Dulani mbali za kumimba kwa njoka, musiye sentimita imodzi yotsalira mbali zonse za mkono. Mukasiya chachikulu, chikamauma chimapindika n'kudzikoka chokha m'mphepete.

Viikani chikopa chimodzi m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 15 mpaka 30, mpaka chifewe ngati nsalu. Kadontho ka sopo wotsukira mbale kamathandiza kuchotsa mafuta otsalira, koma muchitsukuluze bwino. Chikali m'madzimo, pakani kumsana kwa uta guluu wosungunula ndi madzi pang'ono, wopyapyala, n'kumusiya alowe m'mtengo mpaka ayambe kunanda. Kupaka koyambaku kumaletsa mtengo kumwa guluu yense wachiwiri.

Vuulani chikopa, chiyaleni pa thaulo, chipsinjeni mpaka madzi asiye kudontha. Chikhale chonyowa koma chosanyezimira madzi. Pakani guluu pa mkono umodzi wokha, wokwanira kuphimba paliponse mpaka m'mphepete koma wosachita thithi. Guluu wambiri ndiye gwero la mavuto: chikopa chimaterereka, ndipo pansi pake pamatsala timatumba ta guluu tomwe timauma ngati njerewere.

Yambirani pa chogwirira. Gonekani chikopa pang'onopang'ono kulowera ku nsonga, dzanja limodzi litanyamula mchira m'mwamba, linalo likutsitsa. Maso anu akhale pa mzere wapakati wa mawanga. Mukafika ku nsonga, imani kumapeto kwa uta, muuyang'ane motsata utali wake monga amayang'anira thabwa akalipentala. Pomwe mzere wakhota, sunthani ndi chala guluu akali wofewa. Musachikoke kwambiri m'litali. Chikamauma chimakhwinyata chokha, ndipo chokokedwa kale chimadzang'ambika tsiku lomwe mwakunga uta.

Tsopano theka la ola lotsatirali ndilo limagamula ntchito yonse. Ndi chala chonyowa, sisitani kuchokera pakati kupita m'mphepete, komanso motsata mmene mamba agonera, kuchokera pa chogwirira kupita ku nsonga. Mukasisita mobwerera mamba amadzuka ndipo chikopa chimakwinyika. Mudzaona guluu akutuluka m'mphepete. Pukutani ndi kansalu. Mpweya wotsekeredwa umamveka ku chala ngati kachithuza kofewa. Kakankhireni kumphepete. Kakakana, boolani ndi singano pakati pa mamba awiri n'kufinya. Mukamaliza mkono wonse, bwererani poyambira, chifukwa matuza ena amatuluka chikopa chikayamba kuuma. Pa mfundo ndi pa mabampu a mtengo ndi pomwe mpweya umakonda kubisala. Pamenepo panikizani ndi chala kwa kanthawi. Pomwe chikopa chotsalira chikukana kupinda m'mphepete, chitemeni timipata ndi sizasi kuti chimasuke.

Za bandeji amisiri sagwirizana. Ena amakulunga mkono wonse kuti chikopa chigwire m'mphepete, ena amati bandeji imapotoza chikopa n'kusiya zipsera za ulusi wake. Onse akunena zoona. Pa msana wathyathyathya ndi wosalala siyofunika. Pa msana wozungulira kapena wamabampu, kulungani mosathinitsa, ndipo pakatha ola limodzi masulani muone ngati mzere sunasunthe. Mphira ya chubu cha njinga ayi: imatsekera chinyezi m'kati ndipo imathina mopitirira.

Mukakhutira, chitani chimodzimodzi mkono winawo. Mawanga oyamba a mbali zonse atalikirane mofanana ndi pakati pa chogwirira.

Kudula m'mphepete ndi kuchotsa mamba

Usiyeni uta pamthunzi tsiku lathunthu, kapena awiri nyengo yadzinja. Osauyanika padzuwa kapena pafupi ndi moto. Chikopa chikauma chimakhala chitakungika ndipo mawanga amaonekanso bwino.

Chotsalira chija chiduleni ndi lezala, koma osafika nayo pa mtengo. Kumalizitsa kwake n'kwa tupa yosalala kapena sandipepala wa 220 wokulunga pa kathabwa. Pendeketsani tupa pa mphepete n'kukwecha kuchokera kumsana kutsikira kumimba, ulendo umodzi umodzi, osabweza. Mukatero tupa imakanikizira chikopa pa mtengo uku ikuchidula, ndipo chotsalira chimagwa chokha n'kusiya mzere woyera. Mukakwecha chokweza mumachimatula. Pomwe mwapeza mphepete yadzuka, lowetsani kadontho ka supagulu ndi nsonga ya singano n'kupanikiza. Thuza lomwe mwalipeza litauma kale lichekeni pang'ono ndi lezala motsata utali, mulowetsemo guluu, munyowetse pamwamba pake kuti pafewe, mupanikize.

Kenako mamba. Pamwamba pa mamba aliwonse pali kachikamba kopyapyala koonekera, ndipo tonseto tiyenera kuchoka. Musaope kuti mawanga apita nato. Mtundu uli m'chikopa momwemo. Mukatisiya, vanishi amagwira pa tizikambato m'malo mwa chikopa, ndipo uta ukayamba kupindika timathothoka n'kusiya mabala oyera. Matani tepi ya pepala pa chikopa, itsindikeni ndi chala, n'kuimatula pang'onopang'ono motsata mmene mamba agonera. Bwerezani ndi tepi yatsopano mpaka izituluka yopanda kanthu. Otsalira m'mphepete achotseni ndi chikhadabo kapena nsonga ya singano. Kuti muwaone, pendeketsani uta pa kuwala: pomwe patsala kachikamba pamanyezimira, pomwe pachoka pamakhala mbuu. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo mamba amamwazika nyumba yonse, choncho ichitireni pakhonde.

Kumapeto kwa chikopa cha ku nsonga, mangani ulusi wolimba mothinitsa, malo otalika sentimita imodzi kapena awiri, n'kuunyowetsa supagulu. Pamenepo ndi pomwe nsinga imakhula mukamakunga ndi kukungula uta. Chikopa chisalowe m'mipata ya nsinga. Ndipo kumbukirani kuti cholemera chilichonse cha ku nsonga chimachedwetsa muvi, choncho ulusi usachuluke.

Vanishi

Musanapake kalikonse, upatseni uta sabata yathunthu kuti chinyezi chomwe mtengo wamwa chituluke. Kukunga uta wonyowa kumaufooketsa, ndipo umatsala wopindika osabwereranso.

Pukutani chikopa ndi sipiriti pang'ono. Amisiri a ku America amakonda Tru-Oil, mafuta opakira zigwiriro za mfuti, omwe amapakidwa ndi chala. Vanishi wa polyurethane wa m'mahadiweya amagwiranso, bola mumusungunule pang'ono kuti apyapyale. Chinsinsi n'kupaka mopyapyala kambirimbiri, kasanu mpaka kasanu n'katatu, kulikonse kuume kaye. Vanishi wokhuthala amasweka uta ukapindika. Kupaka kuwiri kapena kutatu koyamba musakwechepo kanthu, poti mungadye nsonga za mamba n'kuchotsa mtundu. Kuyambira pamenepo kwechani mopepuka ndi sandipepala wa 400 musanapakenso, mpaka timaenje ta pakati pa mamba tidzaze. Ena amakonda kuti mamba azimvekabe ku dzanja, ndiye amalekezera msanga. Pakani uta wonse, mimba ndi nsonga zomwe, ndipo mphepete mwa chikopa muzipitamo kawiri. Ngati ndi uta wosakira komwe malamulo amalola, kunyezimira kumathawitsa nyama. Kupaka komaliza kukauma, kupukuteni ndi waya wokwechera (steel wool) wosalala kwambiri wa nambala 0000 kuti kunyezimirako kuzime.

Mukasowa chikopa cha njoka, njira yomweyi imagwira ndi chikopa cha nsomba. Amisiri ena amamata cha carp, salmon kapena sturgeon, atachotsa mamba ndi kutsuka mafuta bwinobwino. Nsalu yopyapyala ya thonje imamatikanso, ndipo m'misika ya zitenje simusowa yamawanga okongola.

Tsiku lokunga koyamba, kokani nsinga pang'onopang'ono, kufupi kaye, kenako kutali, mukumvetsera. Timaphokoso tating'ono ta vanishi si tachilendo. Yang'anani mphepete zonse. Pomwe padzuka, supagulu. Uta uzisungidwa wokungula, wogoneka pa misomali iwiri kapena wopachika, kutali ndi denga lamalata lotentha komanso komwe makoswe ndi mphemvu sizifika, poti zimakonda guluu wa zikopa. Ukanyowa ndi mvula upukuteni musanausunge, ndipo kamodzi pachaka, mvula isanayambe, onjezerani vanishi wopyapyala m'mphepete ndi pa ulusi wa ku nsonga.